Mbiri ya wandale pa zisankho muziiwerenga ndi zaka zake

Ndakhala ndikuphunzitsa anthu za chisankho kuno ku Mangochi kwa nthawi yaitali, ndipo ndatopa kumva mawu akuti uje ndi katswiri chifukwa sanagonjepo. Funso loyamba liyenera kukhala lakuti anapambana chisankho chiti, chaka chanji, ndipo anapikisana ndi anthu angati. Kupambana chisankho chachipulula ndi nkhani ya m'chipani, si mbiri imene bungwe loyendetsa zisankho la MEC limasunga.

Nkhani imene imandipwetekabe mtima inachitika pamsonkhano wina kufupi ndi msika, pamene bambo wina anauza khamu la anthu kuti anali khansala wosankhidwa kuyambira 2009 ndipo ndiye anakonzetsa misewu ya m'dera lawo. Amayi anaimba nthungululu, ine ndili chiimire pambali ndi mapepala anga m'manja. Chonsecho dziko lino linalibe makhansala mu 2009. Amene anasankhidwa mu 2000 anatha nthawi yawo mu 2005, ndipo mipando yawo inakhala yopanda anthu kufikira chisankho chapatatu cha pa 20 Meyi 2014. Palibe amene anamufunsa, ndipo inenso ndinakhala chete poopa kuoneka ngati ndatumidwa ndi chipani china, zomwe ndimadandaula nazo mpaka lero.

Enanso amati meya anasankhidwa ndi tawuni yonse. Ayi, meya amayamba wapambana mu wodi imodzi, kenako makhansala anzake ndiwo amamusankha. Lamulo la 50+1, loti wopambana apeze mavoti oposa theka, limakhudza mtsogoleri wa dziko yekha, choncho khansala kapena phungu akhoza kupambana ngakhale ambiri mwa ovota sanamufune, makamaka opikisana akachuluka n'kugawana mavoti. Munthu wotere akadzaimira uphungu m'dera lalikulu n'kugwa, anthu amathamangira kunena kuti amubera.

Chenjerani ndi akatswiri a pa WhatsApp amene amafalitsa ziwerengero zopanda siginecha ya oyang'anira chisankho kapena ya mamonita a zipani. Zotsatira zenizeni zimaikidwa poonekera pamalo ovotera ndipo MEC ndiyo imazilengeza. Ngati mukukhulupirira kuti pachitika chinyengo, pitani msanga kwa loya mutanyamula mapepala osainidwawo, chifukwa lamulo limapereka masiku owerengeka okha okadandaula kukhoti, ndipo amene amayamba wadikira malangizo a m'magulu a pa foni amakafika nthawi itadutsa.