Zoti Angerezi saopa mabomba ndatopa nazo

Zigawenga zikapha anthu kwinakwake, pamagulu athu a WhatsApp sipalephera wina kulemba kuti aaa Angerezi ndiye olimba mtima, amangomwa tiyi mawa lake ali kuntchito, pomwe aku America amakuwa mpaka kukayambitsa nkhondo. Abale anga, ine ntchito yanga kuno ku England ndi yolangiza anthu omwe maganizo awo anasokonezeka ataona zoopsa, ndipo mawu amenewa amandipweteka chifukwa ndimakumana ndi anthu omwe anawakhulupirira.

Kusiyana kulipo, sindikukana. Pa 11 September 2001 ku America kunafa anthu pafupifupi 3,000, ndipo mwezi wotsatira asilikali awo anali atayamba kale kuphulitsa ku Afghanistan, lamulo lolimbana ndi zigawenga la Patriot Act litasainidwa, mu 2002 n'kukhazikitsa unduna watsopano woona za chitetezo cha m'dziko wa Homeland Security. Ku Boston mu 2013 mabomba awiri anapha anthu atatu pa mpikisano wothamanga, mzinda wonse unauzidwa kuti ukhale m'nyumba apolisi akusaka mnyamata mmodzi. Pomwe ku London pa 7 July 2005 mabomba anayi anapha anthu 52 m'sitima zitatu zapansi ndi m'basi imodzi, mawa lake mabasi akuyenda, anthu akukwera.

Koma si nkhani ya chibadwa imeneyi ayi. Angerezi anakhala ndi mabomba a IRA, gulu lankhondo lomwe linkafuna kuti Northern Ireland ichoke m'manja mwa Britain, zaka pafupifupi makumi atatu, ku Birmingham mu 1974 anthu 21 anafera m'malo awiri omwera mowa, ku Brighton mu 1984 anaphulitsa hotela yomwe munagona nduna yaikulu ya dziko Margaret Thatcher, mu 1996 anaphulitsanso pakati pa Manchester, mpaka mgwirizano wa mtendere wa mu 1998. Anafika pochotsa mabini m'masiteshoni kuopa kuti wina angabisemo bomba. Munthu wokulira momwemo amaphunzira kubisa nkhope basi, mtima umagunda chimodzimodzi. Komanso 52 ndi 3,000 mungaziyerekeze bwanji? Ndipo amene amati kuno kunalibe mantha aiwala kuti pa 22 July 2005 apolisi anawombera Jean Charles de Menezes, mnyamata wa ku Brazil wokonza zamagetsi, pa siteshoni ya Stockwell, akumuyesa chigawenga.

Pali bambo wina yemwe mpaka lero sandichoka m'mutu. Ndi wakwathu, anali m'sitima tsiku lija la 2005, chitima chake chinaima mumdima iye akumva anthu akukuwa kutsogolo, anatuluka wopanda ndi bala lomwe. Lolemba lake anali kuntchito, abwana n'kumuyamikira kuti wasanduka Mngerezi weniweni, iyenso n'kumanyadira. Kwa ine anafika patatha zaka zisanu ndi zinayi. Anali atasiya kukwera sitima, amazungulira pa mabasi atatu kuti akafike kuntchito, tulo ankapeza pokhapokha atamwa, akamva fungo la chinthu chopserera thupi lonse thukuta, mkazi anali atatenga ana n'kuchoka chifukwa cha ukali. Nditamufunsa kuti bwanji simunabwere kale achimwene, anandiyankha kuti anzake onse a kuntchito ankaoneka bwinobwino ndiye iye akanadandaula ngati ndani, mlendo. Anzakewo mwina nawonso samagona, sankauzana chabe.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'choti zaka zimenezo sanangokhala, thandizo ankalifuna. Anapita kwa mneneri wina yemwe anamuuza kuti ndi mizimu ya anthu anafera m'sitima muja ikumutsata, n'kumugulitsa mafuta ndi madzi odzozedwa, kenako wina wa pa Facebook wa mankhwala azitsamba ochotsa maloto oipa, ndalama zomwe akanatumiza kumudzi zinathera kumeneko. Kupemphera sindikuletsa, inenso ndimapemphera, koma munthu akakuuzani kuti siyani za kuchipatala, kapena akatchula mtengo asanamve n'komwe nkhani yanu, thawani. Vuto la bamboyu ndi PTSD, kusokonezeka maganizo kobwera munthu akaona zoopsa, matenda odziwika ndipo amachizika, pali CBT yolunjika pa zoopsazo, yomwe ndi chithandizo chokambirana ndi mlangizi, pali EMDR, yomwe munthu amakumbukira zoopsazo akuyendetsa maso motsogozedwa ndi mlangizi, ndipo ku England mutha kudzilembetsa nokha ku NHS Talking Therapies, uphungu wa zipatala za boma, osadzera kwa dokotala wanu wa m'dera (GP), ulere.

Masabata oyamba kulota zoopsa, kudzidzimuka, kusafuna kudutsa pamalopo, zimenezo zimachitikira anthu ambiri ndipo nthawi zambiri zimachepa zokha. Koma mwezi ukatha zikadali pomwepo kapena zikukula, musadikire kuti chaka chithe, musadikire kuti mowa uyambe kukuthandizani kugona, chifukwa pamenepo timakhala tikulimbana ndi mavuto awiri. Ana ndiye musawaiwale, bomba la ku Manchester Arena pa 22 May 2017 linapha anthu 22 pa konsati yodzaza ndi atsikana ang'onoang'ono, ndipo mwana sanena kuti ndili ndi nkhawa, amangoyamba kukodza pogona kapena kukana sukulu makolo n'kumamukalipira.

Bambo uja pano amakwera sitima, masiteshoni awiri atatu, atayima pafupi ndi chitseko. Banja lake silinabwerere.