Lamulo la masiku 28 pogula kampani: mkangano wa BHP ndi Anglo American

Kodi lamuloli limati chiyani?

Kampani ya ku UK yomwe masheya ake amagulitsidwa pamsika wa ku London imatetezedwa ndi malamulo omwe amayendetsedwa ndi bungwe la Takeover Panel, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968. Zikangodziwika kuti kampani ina ikufuna kugula inzake, wogulayo amapatsidwa masiku 28 kuti alengeze motsimikiza kuti agula, kapena anene poyera kuti wasiya. Akanena kuti wasiya, kawirikawiri saloledwa kubweranso kwa miyezi 6. Masiku 28 aja akhoza kutalikitsidwa pokhapokha ngati kampani yofunidwayo yapempha ndipo bungweli lavomera.

Chifukwa chiyani pali malire a nthawi?

Kampani yomwe ikuzunguliridwa ndi wogula miyezi yambiri imalephera kupanga mapulani, antchito amakhala ndi nkhawa, ndipo mtengo wa masheya umangoyendera mphekesera.

Nanga BHP ndi Anglo American anasemphana pati?

Mu Epulo 2024, BHP, kampani ya migodi ya ku Australia, inafuna kugula Anglo American, kampani ya ku UK yomwe masheya ake ankagulitsidwa ku London, ngakhale kuti Ernest Oppenheimer anaiyambitsa ku Johannesburg mu 1917. Chomwe inkasirira kwambiri ndi migodi ya kopa ya Collahuasi ndi Los Bronces ku Chile komanso Quellaveco ku Peru. Mtengo woyamba unali pafupifupi £31 biliyoni, wachiwiri £34 biliyoni, ndipo wachitatu £38.6 biliyoni, koma bodi ya Anglo, motsogozedwa ndi Stuart Chambers, inakana katatu konse.

Ngati mtengo unkakwera chonchi, n'chifukwa chiyani bodi inkakanabe?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, chifukwa eni masheya a Anglo sakanalandira ndalama m'manja. BHP inkafuna kuwalipira ndi masheya ake, ndiponso inaika lamulo lakuti Anglo iyambe yapatula makampani ake awiri a ku South Africa, Anglo American Platinum ndi Kumba Iron Ore, n'kugawira eni masheya ake gawo lomwe inali nalo m'makampaniwo. Choncho malipiro a munthu aliyense akanadalira mtengo wa masheya a makampani atatu pa tsiku lomwe mgwirizano ukanatha, osati chiwerengero chomwe chinalengezedwa. Bodi inati kupatulako kukanatenga nthawi yaitali, kukanafuna chilolezo cha boma la South Africa, ndipo chilichonse chomwe bomalo likanalamula chikanagwera eni masheya a Anglo okha, pomwe a BHP akanangodikira kopa wawo. Ine ndikuona kuti dandaulo limeneli linali lomveka, pakuti amene akufuna katundu ndiye ayenera kusenza gawo lalikulu la chiopsezo. Tisaiwalenso kuti pakati pa eni masheya akuluakulu a Anglo panali Public Investment Corporation, yomwe imasunga ndalama za penshoni za ogwira ntchito m'boma la South Africa, ndipo nduna ya zamigodi, Gwede Mantashe, inanena poyera kuti sikugwirizana ndi ganizoli.

Kodi lamulo la nthawi linagwira ntchito bwanji pamenepa?

Tsiku lomaliza linali 22 Meyi 2024. Anglo inavomera kuwonjezera sabata imodzi kufika pa 29 Meyi, tsiku lomwenso South Africa inkachita chisankho. BHP inapempha masiku ena, Anglo inakana, ndipo BHP inalengeza tsiku lomwelo kuti yasiya.

Kodi eni masheya akanatha kudumpha bodi yawo?

Akanatha, ngati BHP ikanapita kwa iwo mwachindunji ndi mtengo wotsimikizika. Koma kupatula makampani awiri aja kunali kosatheka popanda bodi ya Anglo, choncho njira imeneyi inali yotsekeka kuyambira pachiyambi.

Zinatha bwanji?

Anglo inapatula yokha kampani yake ya platinamu mu 2025, yomwe tsopano ikutchedwa Valterra Platinum, koma Kumba inaisunga. Mu Seputembala chaka chomwecho inalengeza kuti iphatikizana ndi Teck Resources ya ku Canada, ndipo inalonjeza eni masheya ake $4.5 biliyoni ya ndalama zenizeni mgwirizanowo usanamalizidwe.