Ana akuda ndi azungu m'sukulu za boma ku America: mafunso ndi mayankho

Kodi boma limaloledwa kupatula ana potengera khungu?

Ayi. Pa 17 May 1954, pa mlandu wa Brown v. Board of Education, oweruza onse 9 a Khoti Lalikulu, motsogozedwa ndi Earl Warren, anagamula kuti kukhala ndi sukulu za akuda pawokha ndi za azungu pawokha n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko. Izi zisanachitike, chigamulo cha Plessy cha 1896 chinkalola tsankholi bola zinthu za mbali zonse zikhale zofanana, koma aliyense ankadziwa kuti sukulu za akuda zinkalandira zotsalira. Loya amene anatsogolera mbali ya mabanja akuda anali Thurgood Marshall.

Ndiye sukulu zinasakanikirana nthawi yomweyo?

Sizinatero. Mu 1955 khoti linagamulanso za nkhaniyi koma silinaike tsiku lomaliza loti sukulu zikhale zitasakanikirana, ndipo maboma a kumwera anapezerapo mpata wozengereza. Mu 1957 ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas, bwanamkubwa wa chigawocho Orval Faubus anaika asilikali pachipata kuti ana 9 akuda asalowe pa Central High School, mpaka Pulezidenti Eisenhower anatumiza asilikali ake kukawaperekeza. Ku Prince Edward County, m'chigawo cha Virginia, akuluakulu anatseka sukulu zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964 kuti ana asaphunzire limodzi.

Nanga nkhani ya mabasi inabwera bwanji?

Akuda ndi azungu ankakhala m'madera osiyana, choncho kungoti mwana apite kusukulu yapafupi kunali kusiya zinthu mmene zinalili. Mu 1971, pa mlandu wa Swann wochokera ku Charlotte, khoti linavomereza kuti ana azinyamulidwa pa basi kupita kusukulu za madera ena. Ku Boston mu 1974, woweruza W. Arthur Garrity atalamula zomwezi, anthu a ku South Boston ankagenda mabasi onyamula ana akuda.

Ngati makhoti anachita zonsezi, bwanji sukulu zambiri zikadali za mtundu umodzi?

Pamenepa mlandu wofunika kuudziwa ndi wa Milliken v. Bradley wa 1974, ngakhale sutchuka ngati wa Brown. Mu mzinda wa Detroit ana ambiri a m'sukulu anali akuda, pamene azungu ambiri anali atasamukira m'matauni ozungulira, komwe kuli mabodi awoawo oyendetsa sukulu. Khoti laling'ono linafuna kuti mabasi azidutsa malire a mzindawo. Khoti Lalikulu linakana, oweruza 5 kwa 4, ponena kuti matauniwo sangakakamizidwe pokhapokha patapezeka umboni woti nawonso anali ndi dzanja pa tsankholo. Kuyambira pamenepo, banja lofuna kuthawa mabasi linkangosamuka makilomita ochepa basi. Mmene ndikuonera, apa m'pamene ntchito ya Brown inathera mphamvu m'mizinda ya kumpoto: mungasakanize bwanji ana mu mzinda umene mtundu wina wachokamo?

Kodi bodi ya sukulu ingayang'ane khungu la mwana ngati cholinga chake n'kusakaniza?

Kuyambira 2007 n'zovuta kwambiri. Ku Seattle, ana ofuna sukulu imodzi akachuluka kuposa malo, khungu linali chimodzi mwa zothetsera mpikisano. Ku Louisville ankaonetsetsa kuti ana akuda pa sukulu asachepere 15 pa 100 alionse ndiponso asapitirire 50. Chaka chimenecho Khoti Lalikulu linathetsa njira zonse ziwiri, oweruza 5 kwa 4. Koma woweruza Anthony Kennedy anasiya kakhomo: bodi ingaganizire za kusakanikirana posankha pomanga sukulu yatsopano kapena podula malire a madera, bola isaike mwana payekha pa sukulu chifukwa cha khungu lake lokha. Madera ena tsopano amayang'ana chuma cha makolo m'malo mwa khungu.

Nanga lero mwana amapatsidwa sukulu potengera chiyani?

Kawirikawiri ndi adiresi ya pakhomo. Polembetsa mwana amakufunsani umboni wa komwe mukukhala, monga kalata ya lendi kapena bilu ya magetsi. Gawo lalikulu la ndalama za sukulu limachokera ku msonkho wa nyumba za m'deralo, ndiye musanachite lendi, funsani kaye kuti msewuwo uli pansi pa sukulu iti.