Chiyambi cha mkangano wa Utah ndi BYU, ndi mmene ndalama za kanema zinawalekanitsira n'kuwabwezanso pamodzi

M'chigawo cha Utah, kumadzulo kwa America, muli mayunivesite awiri otalikirana makilomita pafupifupi 70. University of Utah ili mumzinda wa Salt Lake City, ndi ya boma, ndipo timu yake imavala zofiira. Brigham Young University, imene aliyense amangoti BYU, ili ku Provo, timu yake imavala zabuluu, ndipo mwini sukuluyo ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, womwe ambiri amaudziwa ndi dzina loti Mormon. Ndi mpingo wa anyamata aja oyenda awiriawiri, a malaya oyera ndi kachikwangwani ka dzina pachifuwa. Matimu awiriwa akamakumana pa mpira wa chiamerika, uja wothamanga nawo m'manja osewera atavala zisoti, anthu amati kwafika Holy War, nkhondo yopatulika. Amene anaonapo mzinda wa Blantyre tsiku la Maule ndi Manoma akudziwa mmene mitundu iwiriyi imagawira nyumba imodzi pakati.

Dzina la nkhondo yopatulikali limasocheretsa, chifukwa limaonetsa ngati mbali ina kuli opemphera, mbali ina kuli akunja. Masukulu onsewa anachokera m'manja mwa munthu mmodzi. Brigham Young ndiye anatsogolera anthu a mpingowu kufika m'chigwa cha Salt Lake mu 1847, pothawa mazunzo kum'mawa. Mu 1850 boma limene iye ankatsogolera linakhazikitsa University of Deseret, yomwe inasinthidwa dzina mu 1892 n'kukhala University of Utah. Mu 1875 iye yemweyo anayambitsa Brigham Young Academy ku Provo, yomwe inadzakhala yunivesite mu 1903. Sukulu yoyamba ija inapita m'manja mwa boma, ndipo Salt Lake City atadzaza ndi anthu a migodi, a njanji ndi a zipembedzo zina, inasanduka malo amene munthu wosakhala wa mpingo, kapena amene anausiya, ankapumirako. Komabe mpaka lero ophunzira ndi masapota ambiri a Utah ndi a mpingo womwewo. Loweruka amatukwanizana pabwalo, Lamulungu n'kukhala pa benchi limodzi m'tchalitchi. Ine ndimaona kuti ululu wa mkanganowu wagona pamenepa: ndi wa pachibale, ndipo funso lake lenileni n'lakuti kodi Utah ndi wa mpingo kapena ndi wa aliyense wokhalamo.

Ngakhale pa tsiku loyambira sagwirizana. A Utah amawerenga kuyambira 1896, chaka chomwe chigawochi chinalandiridwa kukhala mbali ya United States, pamene anakumana koyamba n'kupambana 12-4. A BYU amawerenga kuyambira 1922, chifukwa masewero akalewo inali ikadali Academy, ndipo pambuyo pake sukuluyo inasiya mpirawu kwa zaka pafupifupi 20. Kuchokera 1922 mpaka 1971 panalibe mpikisano weniweni. BYU inayamba kupambana mu 1942, ndipo m'zaka 50 zonsezo inapambana kasanu kokha.

Zinthu zinatembenuka mu 1972 pamene LaVell Edwards anakhala mphunzitsi wa BYU. Nthawi imeneyo matimu ambiri ankadalira kuthamanga ndi mpira, koma iye anamanga timu yake pa kuponya mpira patali, ndipo masukulu a m'mapirimo analibe yankho. Pakati pa 1972 ndi 1992 BYU inagonjetsa Utah maulendo 19 pa masewero 21. Mu 1984 inapambana masewero onse 13, kuphatikizapo kugonjetsa Michigan 24-17, ndipo inasankhidwa kukhala katswiri wa dziko lonse. Mu 1990 woponya mpira wake Ty Detmer analandira Heisman Trophy, mphoto ya wosewera wopambana onse m'makoleji. Chidani chimene tikuchidziwa lero chinakula m'zaka zimenezi. Mu 1977, BYU itatsogola kale ndi zigoli zambiri, inabwezeranso woponya mpira wake Marc Wilson m'bwalo kuti akaswe rekodi, ndipo mphunzitsi wa Utah Wayne Howard anakwiya mpaka kulengeza poyera kuti kuyambira tsikulo kugonjetsa BYU kudzakhala ntchito yaikulu ya timu yake. Kwa sapota wa Utah, kugonja chaka ndi chaka kwa anthu amene amati amasewera poimira mpingo kunkamveka ngati akuuzidwa kuti Mulungu ali ndi timu yake.

BYU imasiyanadi ndi masukulu ena. Siisewera Lamulungu, zivute zitani, ngakhale pa mpikisano wa dziko lonse. Wophunzira aliyense amasaina malamulo oletsa mowa, fodya, khofi ndi kugonana kunja kwa banja, ndipo mu Malichi 2011 sukuluyi inaimitsa Brandon Davies, mmodzi mwa osewera odalirika a basiketibolo, timu ili pamwamba penipeni, chifukwa chophwanya malamulowo. Osewera ambiri amachoka zaka ziwiri kukalalikira, n'kubwerako atakula, ndipo matimu ena akhala akudandaula kuti amalimbana ndi abambo a mabanja. Pali mbiri ina yolemera kuposa izi. Mpaka 1978 mpingowu sunkalola amuna akuda kukhala ansembe. Mu Okutobala 1969 osewera akuda 14 a University of Wyoming anapita kwa mphunzitsi wawo Lloyd Eaton kukapempha kuti avale tinsalu takuda pamkono posewera ndi BYU. Iye anawachotsa onse m'timu nthawi yomweyo. Mwezi wotsatira yunivesite ya Stanford ya ku California inalengeza kuti siidzakonzanso masewero ndi BYU. Anyamata 14 aja anataya zambiri chifukwa chopempha chinthu chaching'ono komanso cholungama, ndipo aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chake masukulu a ku California akhala akuiyang'ana BYU ndi diso lokayika ayenera kuyambira pamenepo.

Komabe mzere wogawa mbali ziwirizi sunakhalepo wowongoka. Jim McMahon, mmodzi mwa oponya mpira otchuka a BYU, anakulira m'banja lachikatolika. Edwards mwiniyo anatenga digiri yake yachiwiri ku Utah. Kyle Whittingham anasewerera BYU, ndi wa mpingo, ndipo mu Disembala 2004 masukulu onse awiri atamufuna anasankha Utah, n'kuitsogolera zaka zoposa 20. Kalani Sitake, wobadwira ku Tonga, anagwira ntchito zaka zambiri pansi pa Whittingham asanakakhale mphunzitsi wa BYU kumapeto kwa 2015.

Kwa zaka pafupifupi 90 matimuwa ankayendera limodzi kulikonse. Anali mu ligi imodzi kuyambira 1922, analowa limodzi mu Western Athletic Conference mu 1962, ndipo ligiyo itatupa mpaka masukulu 16 mu 1996, anatulukamo limodzi ndi anzawo 6 n'kuyambitsa Mountain West mu 1999. Ligi ya ku America siili ngati ya mpira wamiyendo yomwe timu imakwera kapena kutsika malinga ndi mapointi. Ndi bungwe la masukulu limene limagulitsa masewero ake ku wailesi za kanema n'kugawana ndalama, ndipo mumalowamo mukaitanidwa basi. Mutha kupambana masewero onse koma osaitanidwa.

Utah inayamba kudzuka pansi pa Ron McBride, yemwe mu 1993 anapambana ku Provo 34-31, koyamba patatha zaka zoposa 20, ndipo osewera ake anathamangira kukagwetsa mitengo ya golo ya eni bwalo. Mu 2004, pansi pa Urban Meyer, inapambana masewero onse n'kukhala timu yoyamba ya m'maligi ang'onoang'ono kulowa m'masewero akuluakulu a kumapeto kwa nyengo. Mu 2008 inabwereza, n'kumaliza ndi kuswa Alabama 31-17. Matimu onse awiri atakhala amphamvu nthawi imodzi, mawu ananola. Mu 2007 Austin Collie wa BYU, atagwira mpira umene unapulumutsa timu yake kumapeto, ananena kuti munthu akamakhala moyo wolungama Ambuye amalowererapo, ndipo a Utah sanaiwale. Mu 2009 Max Hall, atapambana 26-23, anauza atolankhani kuti amadana ndi sukulu ya Utah, masapota ake ndi chilichonse chake, ponena kuti chaka chapitacho abale ake anathiridwa mowa ku Salt Lake City. Anapepesa pambuyo pake, koma mawu anali atatuluka kale.

Kenako mu Juni 2010 ligi yaikulu ya kugombe la kumadzulo, Pac-10, inaitana Colorado ndi Utah, n'kukhala Pac-12. BYU, yomwe inali ndi bwalo la anthu oposa 60,000, masapota dziko lonse ndi chikho cha 1984, inasiyidwa. Zifukwa zimene anthu amatchula ndi nkhani ya Lamulungu, kuchepa kwa kafukufuku wa sayansi poyerekeza ndi Stanford kapena Berkeley, ndi kusafuna kwa masukulu amenewo kukhala pamodzi ndi sukulu ya mpingo. A BYU ambiri anaona kuti chachitatucho ndiye chenicheni. Kwa iwo chinali chipongwe chachikulu kuona mng'ono amene anam'gonjetsa zaka 20 akulowa m'nyumba ya mafumu iwo atatsekeredwa panja.

BYU inayankha potuluka mu Mountain West n'kuima payokha pa mpira kuyambira 2011, kutsanzira Notre Dame, sukulu yachikatolika imene ilibe ligi pa mpirawu ndipo ili ndi mgwirizano wakewake ndi wailesi ya kanema ya NBC kuyambira 1991. BYU inasainirana ndi wailesi ya kanema ya ESPN zaka 8, ndipo masewera ake ena inawapititsa ku West Coast Conference, ligi ya masukulu a mipingo monga Gonzaga ndi Pepperdine. Mpingo ndiwo unachititsa kuti zimenezi zitheke, chifukwa kulikonse kumene timuyi ipita imapeza anthu ake odzaza mbali ya bwalo. Koma kuima pawekha n'kowawa. Panalibe chikho cha ligi cholimbirana, ndipo pofika Novembala matimu akuluakulu amakhala otanganidwa ndi maligi awo.

Mkangano uja unadwala m'zaka zimenezi. Masewero amene kale ankatseka nyengo mu Novembala, chikho chili patebulo, anasunthidwira ku Seputembala. Mu 2014 sanakumane n'komwe, chifukwa Utah inasankha kukonza masewero ndi Michigan, ndipo mu 2015 anangokumana ku Las Vegas pa masewero a kumapeto kwa nyengo. Utah inapambana maulendo 9 otsatizana kuyambira 2010 mpaka 2019, ena mochititsa manyazi ngati 54-10 ya mu 2011, ndipo masapota ake ena anayamba kunena kuti BYU sakuifunanso. Pa basiketibolo zinafika poipa. Nick Emery wa BYU atamenya wosewera wa Utah chibakera mu Disembala 2015, mphunzitsi Larry Krystkowiak anathetsa masewero a chaka chotsatira, ngakhale panali chindapusa cha madola 80,000, ndipo nkhaniyo inafika mpaka ku nyumba ya malamulo ya chigawocho. Mu 2016 ligi ina yaikulu, Big 12, inaganizira zotenga masukulu atsopano, mabungwe omenyera ufulu wa amuna kapena akazi okondana okhaokha analembera ligiyo kuti isatenge BYU chifukwa cha malamulo ake, ndipo pomaliza ligiyo sinatenge aliyense.

Chimene chinatsegulira BYU khomo ndi ndalama za anthu ena. Mu Julayi 2021 Texas ndi Oklahoma zinalengeza kuti zikuchoka mu Big 12 kupita ku ligi ina yaikulu ya SEC. Big 12 inafuna olowa m'malo mwachangu, ndipo pa 10 Seputembala inaitana BYU pamodzi ndi Cincinnati, Houston ndi UCF, n'kuvomera nkhani ya Lamulungu. M'ligimo munali kale Baylor ya Baptist ndi TCU (Texas Christian University), choncho sukulu ya mpingo sinali yachilendo. Mawa lake BYU inagonjetsa Utah 26-17.

Pasanathe chaka nyumba ya Utah inayamba kugwa. Pa 30 Juni 2022 USC ndi UCLA za mu Pac-12 zinalengeza zopita ku ligi ya Big Ten. Pac-12 inalephera kupeza mgwirizano wabwino wa kanema, Colorado inachoka mu Julayi 2023, ndipo pa 4 Ogasiti Oregon ndi Washington zinatsatira ku Big Ten, pamene Arizona, Arizona State ndi Utah zinathawira ku Big 12. Stanford ndi Berkeley zitachokanso, ligi ya zaka zoposa 100 inatsala ndi masukulu awiri, Oregon State ndi Washington State. Masapota a Utah amene ankanyoza Big 12 anakumbutsidwa mawu awo onse, paja ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Koma sindikuona kuti panali wopambana pamenepa. Palibe sapota wa mbali iliyonse amene anafunsidwa mu 2010 polekanitsidwa, ndipo palibenso amene anafunsidwa mu 2023 pobwezeredwa pamodzi. Chipembedzo chomwe chinali chopinga ligi ikakhala pabwino chinaleka kukhala chopinga ligi itasowa owonera, ndipo nyimbo zonyoza mpingowu sizinathe m'mabwalo: mu 2022 University of Oregon inachita kupepesa chifukwa cha zimene ophunzira ake anaimba.

Pa 9 Novembala 2024 anakumana koyamba ngati a ligi imodzi patatha zaka 14, pa bwalo la Rice-Eccles ku Salt Lake City. Kutatsala mphindi zochepa Utah inaoneka kuti yamaliza ntchito, koma woyimbira anaona kuti wosewera wa Utah anagwira wa BYU mosaloledwa, BYU inapatsidwa mwayi wina, ndipo inapambana 22-21. Woponya mpira wa BYU usiku umenewo, Jake Retzlaff, ndi Myuda. Mkulu wa zamasewera ku Utah, Mark Harlan, anapita kwa atolankhani n'kunena kuti aberedwa, ndipo ligi inamulipitsa madola 40,000. Big 12 inaika masewerowa m'gulu la anayi okha amene ayenera kuchitika chaka chilichonse mpaka 2027. Mgwirizano wa ligiyi ndi ESPN komanso Fox udzatha mu 2031, ndipo masukulu onse awiri adzayang'ananso kumene kuli ndalama zambiri.