Ndondomeko ya ku Bulgaria ili pafoni, koma Bulgaria mulibemo

Sipatha chaka osabwera kwa ine, kochi wa onyamula zitsulo, mnyamata wina amene wangoyamba kulimba, foni ili m'manja. "Aphunzitsi, taonani izi. Umu ndi mmene ankachitira a ku Bulgaria." Pafonipo pamakhala mizere yochepa chabe: snatch mpaka pamene mphamvu zathera, clean and jerk mpaka pamene mphamvu zathera, front squat (kunjuta n'kudzuka chitsulo chili kutsogolo pamapewa) chimodzimodzi, m'mawa ndi madzulo, masiku 6 pa sabata. Ine ndimangomufunsa kuti akatuluka mu jimu alowera kuti. Amati kuntchito, kapena kusukulu. Anthu amene ndondomeko imeneyo inalembedwera akatuluka mu jimu ankapita kukadya, akadya n'kukagona, akadzuka n'kubwereranso pa chitsulo.

Kwa amene masewerawa simuwatsata, kunyamula zitsulo kwa pa Olimpiki kuli ndi manyamulidwe awiri okha. Pa snatch, chitsulo chimachoka pansi n'kukafika pamwamba pa mutu ulendo umodzi, osaima panjira. Pa clean and jerk chimayamba chatera pamapewa, kenako munthu amachikankhira m'mwamba. Aliyense amayesa katatu pa kanyamulidwe kalikonse, ndipo amaphatikiza zolemera ziwiri zimene wakwanitsa. Ndodo ya amuna imalemera makilogalamu 20, ya akazi 15. Kale kunali kanyamulidwe kachitatu kotchedwa press, koma kanathetsedwa pambuyo pa Olimpiki ya ku Munich mu 1972. Malamulo ndi amodzi kulikonse. Pamene makochi a mayiko amasiyana maganizo ndi pa funso ili: kodi munthu aziyandikira kangati pamene mphamvu zake zalekezera?

A ku Soviet Union analiyankha ndi kope ndi pensulo. Boma linkalipira akatswiri a sayansi kuti aziwerenga zonse zimene onyamula akuchita: wanyamula kangati, cholemera bwanji, mwezi uti, ndipo pampikisano zamuyendera bwanji. Leonid Matveyev anatchuka m'zaka za m'ma 1960 ndi ganizo logawa chaka m'nyengo, ina yomanga thupi, ina yonola za mpikisano, ina yopumula. Arkady Vorobyov, amene anawina golide mu 1956 ndi 1960 komanso anali dokotala, pamodzi ndi Alexey Medvedev, anali m'gulu la amene anaumba kaphunzitsidwe ka zitsulo m'dzikomo. Kochi wina, Alexander Prilepin, anasiya tchati chimene mpaka lero chimamatidwa pamakoma a majimu ambiri. Chimati ngati chitsulo chikulemera pakati pa 70 ndi 80 peresenti ya chimene umakwanitsa, chinyamule katatu mpaka ka 6 usanapume, ndipo zonse pamodzi zikhale cha m'ma 18. Chikapitirira 90 peresenti, kamodzi kapena kawiri basi, ndipo tsiku limenelo usapyole ka 10.

Choncho wonyamula wa ku Soviet ankathera nthawi yake yambiri pa zitsulo zapakatikati, zimene zimamutopetsa koma osamuwononga kanyamulidwe. Zochita zinali zambirimbiri: kuyambira chitsulo pamawondo, kuchiyambira pamabokosi, kuchikoka kufika pachifuwa osalowa pansi pake, kudumpha. Mwana ankayamba ndi kuthamanga ndi masewera ofewetsa thupi zaka zingapo asanayambe kulemedwa. Chitsulo cholemeretsetsa ankachisungira tsiku lake, ngati chovala chapaukwati.

Chondiseketsa n'chakuti munthu wotchuka kwambiri amene anatuluka m'dziko la matchati limeneli, Vasily Alekseyev, ankakonda kudziphunzitsa yekha, makochi n'kumangomuyang'ana. Anawina golide mu 1972 ndi 1976, ndipo anaswa marekodi a dziko lonse 80. Ankawonjezera pang'onopang'ono, nthawi zina theka la kilogalamu, poti rekodi iliyonse inkabwera ndi ndalama.

Kochi Ivan Abadjiev anatenga timu ya Bulgaria chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Dziko lake linali ndi anthu osakwana 9 miliyoni, pamene Soviet Union inali ndi oposa 200 miliyoni, ndiye kuwatsanzira kunali kungovomereza kukhala wachiwiri mpaka kalekale. Maganizo ake anali osavuta kumva. Thupi limazolowera chimene ukulipatsa, osati china chofanana nacho. Pampikisano umanyamula chitsulo cholemera kamodzi. Nanga n'kutayiranji miyezi pa chopepuka kasanukasanu? Anayamba kudula zochita chimodzichimodzi, mpaka m'zaka za m'ma 1980 zinangotsala zowerengeka pa zala: manyamulidwe awiri a pampikisano, abale ake amene munthu satsika nawo pansi kwambiri, ndi squat. Tsiku linkadulidwa tizigawo ta mphindi 30 kapena 45, kupuma pang'ono, kubwereranso, ndipo nthawi iliyonse munthu ankakwera mpaka pamene chitsulo chakana tsiku limenelo. Ku Munich mu 1972, Bulgaria inatenga mamendulo atatu a golide ndi atatu a siliva, kuposa Soviet Union.

Zimene sizilembedwa pafoni ndi izi. Anyamata amene ankafika m'manja mwa Abadjiev anali atasankhidwa kale ali ana, n'kukulira m'masukulu a zamasewera kumene anamangidwa thupi zaka zambiri. Ankalipidwa ndi boma, kudyetsedwa, kusisitidwa minofu, dokotala ali pomwepo. Ndipo ndondomekoyo inkagwiranso ntchito ya sefa. Amene bondo kapena msana unamukana ankabwerera kwawo, wina n'kulowa m'malo mwake. Timaona zithunzi za amene anatsala. Za amene anagwa panjira palibe anajambula. Kochi amene ali ndi anyamata 8 okha, ndipo akufuna onsewo adzakhale akuyendabe bwino ali ndi zaka 50, sangasefe anthu mwanjira imeneyo.

Chipatso chodabwitsa kwambiri cha njira imeneyi chinakadyedwa kwina. Naim Süleymanoğlu, wa mtundu wa Chiteki koma wobadwira ku Bulgaria, anathawa timu yake ku Melbourne mu 1986 pa nthawi imene boma linkakakamiza anthu a mtundu wake kusintha mayina. Turkey inalipira Bulgaria ndalama zoposa madola 1 miliyoni kuti aloledwe kupikisana pa Olimpiki ya ku Seoul mu 1988. Munthu wamfupi, wosakwana mita imodzi ndi theka, wa m'gulu la makilogalamu 60, ananyamula 190 pa clean and jerk, kuposa katatu kulemera kwa thupi lake. Anawinanso mu 1992 ndi 1996. Chikomyunizimu chitagwa, makochi a ku Bulgaria anamwazikana kukafuna ntchito, ndipo kaphunzitsidwe kawo kanafika kutali ngati ku Colombia, kumene María Isabel Urrutia anawinira dziko lake golide woyamba wa pa Olimpiki ku Sydney mu 2000, chaka chimene akazi analoledwa koyamba m'masewerawa pa Olimpiki.

Ku Seoul komweko, anthu awiri a timu ya Bulgaria analandidwa golide atawapeza ndi furosemide, mankhwala okodzetsa amene amathandiza kubisa mankhwala ena, ndipo timu yonse ya zitsulo inanyamuka mpikisano usanathe. Ku Sydney zinachitikanso. Nkhani ya mankhwala sindiitchula pofuna kunyoza dziko limodzi, chifukwa yadetsa mbali zonse. Mikodzo ya pa Olimpiki ya 2008 ndi 2012 itayezedwanso patapita zaka, anagwidwa onyamula makumi angapo, ndipo mu 2017 mayiko 9 analetsedwa kwa chaka chimodzi, kuphatikizapo Russia, Kazakhstan, Turkey ndi China. M'gulu la makilogalamu 94 ku London mu 2012, mendulo yachitatu inakathera kwa munthu amene tsiku la mpikisanolo anali wa nambala 9. Chimene chimandikhudza monga kochi n'chakuti ntchito ina yaikulu ya mankhwala oletsedwa owonjezera mphamvu ndi kuchiritsa thupi msanga. Munthu amawawidwa usiku, m'mawa wadzuka watsopano. Ndiye ukamawerenga ndondomeko ya m'zaka zimenezo n'kuona kuchuluka kwa ntchito, sungadziwe kuti ndi gawo liti limene thupi lopanda mankhwala likanapirira.

China inaphunzira kwa a Soviet m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1956 Chen Jingkai ananyamula makilogalamu 133 ku Shanghai, rekodi yoyamba ya dziko lonse ya munthu wa ku China m'masewera alionse. Kuchokera pamenepo akhala akutola apa ndi apo n'kuumba zawozawo. Amanyamula zolemera pafupipafupi kuposa mmene a Soviet ankachitira, koma sanataye zochita zothandizira ngati Abadjiev. Anazichulukitsa. Akamaliza snatch ndi clean and jerk, amakhala nthawi yaitali akukoka zitsulo zolemera, kulimbitsa msana, mimba ndi mapewa, zina mwa izo zofanana ndi za anthu omanga minofu yoonetsa. Makochi awo amabwereza mawu ochepa: chitsulo chiyende pafupi ndi thupi, chiyende mwachangu, ndipo ulowe pansi pake motsika kwambiri.

Chimene ndimawasirira ndi diso. Kochi amaima pambali n'kufunafuna pamene munthu wafooka, ndipo ndondomeko imasintha kutsata chofookacho. Wa miyendo yolimba koma msana wofewa sachita zofanana ndi mnzake wa msana wolimba. Ngakhale kanyamulidwe sakakamiza kamodzi. Ambiri padziko lonse pokankha chitsulo m'mwamba amaponya mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo, koma Lü Xiaojun ankangotsika n'kunjuta pansi, chitsulo chili pamwamba pa mutu, poti mapewa ake ndi chiuno zinkalola. Anyamata ambiri ataona mavidiyo ake anayamba kutengera, osafunsa ngati mapewa awo ndi ofanana ndi ake. Pansi pa zonsezi palinso unyinji wa anthu. Ana amasankhidwa m'masukulu a zamasewera, n'kukwera kupita kumatimu a zigawo, ndipo mpikisano wa dziko lonse la China umene umachitika zaka zinayi zilizonse umakhala wothina mwina kuposa wa kunja. Pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, China inatumiza anthu 8, n'kubwerako ndi golide 7 ndi siliva mmodzi. Ku Paris mu 2024 malamulo analola anthu 6 okha pa dziko, ndipo 5 anatenga golide.

Siliva wa ku Tokyo uja ali ndi nkhani yake. Amene anagonjetsa wa ku China ndi kilogalamu imodzi yokha m'gulu la akazi la makilogalamu 55 anali Hidilyn Diaz wa ku Philippines, ndipo kochi wake, Gao Kaiwen, anali wa ku China komweko. Mliri wa Covid-19 unamutsekera ku Malaysia, majimu atatsekedwa, moti kwa kanthawi ankanyamula zigubu za madzi zomangirira kunsungwi. Uyo anali golide woyamba wa dziko lake pa Olimpiki.

Ku America nkhani ndi ina. Kumeneko boma silinalerepo onyamula zitsulo. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 anali patsogolo chifukwa cha munthu mmodzi wa bizinezi, Bob Hoffman wa kampani ya York Barbell ku Pennsylvania, amene ankalemba ntchito onyamula n'kumawalipirira maulendo. Imeneyo ndi nthawi ya Tommy Kono ndi Paul Anderson. Itadutsa 1960 amuna awo sanawinenso golide, ndipo anyamata amphamvu ankathamangira masewera a ndalama. Masiku ano wonyamula wa kumeneko nthawi zambiri amakhala wophunzira kapena wapantchito, wa m'kalabu yaing'ono, ndipo ambiri analidziwa sewerali kudzera mu CrossFit, masewera olimbitsa thupi osakaniza zochita zosiyanasiyana. Alibe njira imodzi ya dziko lonse. Kochi aliyense amasakaniza za Soviet, za Bulgaria ndi za China malinga ndi nthawi imene munthu wake ali nayo. Kwa zaka zambiri tinkaziona ngati kufooka. Koma ku Paris, Olivia Reeves anawina golide m'gulu la makilogalamu 71 ali wophunzira wa pa yunivesite ku Chattanooga, ndipo amadziwika kuti sabata yake imakhala ndi masiku ochepa a mu jimu poyerekeza ndi anzake a mayiko ena. Hampton Morris, amene ankaphunzitsidwa ndi bambo ake m'galaja ya kunyumba, anatenga mendulo yachitatu, yoyamba ya mwamuna wa ku America kuchokera mu 1984.

Mnyamata wa foni uja ndimamupatsa masiku atatu kapena anayi pa sabata. Ntchito yambiri imakhala pakati pa 70 ndi 85 peresenti, kawerengedwe kake tikutsata tchati cha Prilepin, chifukwa munthu amene sanathe zaka zitatu pa chitsulo akamalimbana ndi cholemeretsetsa tsiku lililonse amangophunzira kulakwitsa mwamphamvu. Mphindi 20 zomaliza timachita za ku China, kufufuza chimene chikumubweza m'mbuyo, kaya ndi msana, kaya ndi akakolo ouma. Kwa Abadjiev ndinatengako chinthu chimodzi chimene anthu sachitchula kawirikawiri: ankafuna kuti anthu ake azipikisana pafupipafupi kuti tsiku lalikulu lisadzawachititse mantha. Ndiye kamodzi pa milungu itatu kapena inayi timachotsa mabenchi, anzake amakhala pansi n'kumaonerera, wina amagwira wotchi ya mphindi imodzi, ndipo mnyamatayo amapatsidwa mwayi katatu kokha. Akalephera katatu konse timalemba ziro m'kope, ngakhale atachonderera bwanji kuti ayesenso kachinayi.