Dzina la kemikolo likabisidwa: mmene America inadulira malire a chinsinsi cha makampani

Mwezi wa Juni 2026 ndi umene zinsinsi zoyambirira zimene makampani a makemikolo anasungitsa ku EPA, bungwe la boma la America loona za chilengedwe, pansi pa lamulo la 2016 zikuyamba kutha mphamvu. Lamuloli, limene Barack Obama anasaina pa 22 Juni 2016, linati chinsinsi chotere chizikhala zaka 10 basi. EPA iyenera kuchenjeza kampani patatsala masiku 60, ndipo kampani yofuna zaka zina 10 ipemphe patatsala masiku osachepera 30, n'kuperekanso zifukwa. Mu 2026 momwemo, pa 17 Okutobala, lamulo lina lotchedwa EPCRA, lopatsa anthu ufulu wodziwa makemikolo oopsa osungidwa m'dera lawo, likukwanitsa zaka 40. Amene akufuna kumvetsa mkanganowu ayambire pa lachiwirili, chifukwa ndi pamene aphungu anayamba kufunsa kuti kampani yosunga mankhwala akupha ingabise chiyani kwenikweni.

Dandaulo la makampani si lachabe. Kupeza kasakanizidwe ka mankhwala kogwira bwino kumadya zaka ndi ndalama, ndipo mpikisano wako akakawerenga m'mafayilo a boma watola chikwama. Mu 1984, pa mlandu wa Ruckelshaus ndi Monsanto, Khoti Lalikulu la America linavomereza kuti chinsinsi cha malonda ndi katundu wotetezedwa ndi malamulo oyendetsera dziko, ngakhale linawonjezera kuti kampani yopereka zikalata ikudziwa kuti lamulo limalola kuziulula isadzalire kuti yalandidwa. Lamulo lakale la makemikolo, TSCA la 1976, limene linadzasinthidwa ndi lamulo la 2016 lija, linali lopendekera kwa makampani: kungolemba kuti izi n'zachinsinsi kunali kokwanira nthawi zambiri, ndipo ntchito yotsutsa inkagwera boma.

Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984, madzi analowa m'thanki nambala 610 pa fakitale ya Union Carbide ku Bhopal, m'dziko la India. M'thankimo munali methyl isocyanate, imene ankapangira mankhwala ophera tizilombo a Sevin. Inatentha, n'kutulutsa mpweya wa matani pafupifupi 40 umene unatsikira m'midadada ya anthu osauka yoyandikana ndi mpanda. Makina oziziritsa thankiyo anali atazimitsidwa kalekale, ndipo nsanja yowotchera mpweya woipa sinkagwira ntchito. Kampani inati wantchito wina anachita chiwembu. Ofufuza a ku India anati vuto linali kunyalanyaza zipangizo. Chiwerengero cha akufa nachonso n'chosagwirizana: choyamba cha boma chinali 2,259, boma la Madhya Pradesh linadzanena 3,787, pamene magulu a opulumuka amawerengera oposa 15,000 akaphatikiza omwe anafa m'zaka zotsatira. Anthu oposa 500,000 anapuma mpweyawo.

Zimene zinachitika pachipatala cha Hamidia ndi zomwe zikukhudza nkhani yathu. Madokotala analandira anthu zikwizikwi otupa maso ndi obanika, asanauzidwepo n'kale lonse zimene fakitale ya m'tauni yawo imasunga kapena kachizidwe kake. Panabuka mkangano wautali pa mankhwala a sodium thiosulfate, othandiza munthu amene walowedwa cyanide: ena ankaona zizindikiro za cyanide m'mitembo, kampani inkakana. Magulu a opulumuka akhala akunena kuti Union Carbide inakaniza zotsatira za kafukufuku wake ponamizira chinsinsi cha malonda, pamene kampaniyo imati inapereka zimene inkadziwa. Tikayeza mawu a mbali ziwirizi, chooneka n'chakuti dzina la mpweyawo linadziwika msanga ndithu. Chimene chinasowa ndi chidziwitso chofika nthawi isanathe, kwa anthu oyenera: dokotala, wozimitsa moto, mayi wogona pafupi ndi mpanda.

Mwina aphungu a ku Washington akanati izi n'zakutali. Koma pa 11 Ogasiti 1985, fakitale ya kampani yomweyo ku Institute, West Virginia, inatulutsa aldicarb oxime wosakanikirana ndi mankhwala ena, anthu pafupifupi 135 n'kuthamangira kuchipatala. Patatha chaka ndi miyezi iwiri Ronald Reagan anasaina EPCRA.

Lamuloli limakakamiza malipoti angapo. Fakitale yosunga mapaundi 10,000 (muyeso wa kulemera) a kemikolo yoopsa, kapena mapaundi 500 ngakhale ocheperapo a zoopsa kwambiri, imapereka ndandanda pofika pa 1 Malichi chaka chilichonse ku boma la chigawo, ku komiti ya m'dera yokonzekera ngozi ndi kwa ozimitsa moto. Ya antchito 10 kapena kuposa imene imapanga mapaundi 25,000 a kemikolo ya pamndandanda wa EPA imanenanso, pofika pa 1 Julayi, kuchuluka kwa zimene yataya mumpweya, m'madzi ndi m'nthaka.

Gawo 322 ndi pamene panadulidwa malire. Chokhacho chimene kampani ingabise ndi dzina lenileni la kemikolo. Kuchuluka kwake ndi kuchuluka kwa imene yatayidwa sizibisika. M'malo mwa dzinalo iyenera kulemba mtundu wa kemikoloyo, ndipo boma limauzabe wofunsa aliyense mmene ingavulazire thupi. Kampani imatumiza makope awiri, lina lathunthu la EPA, lina lofufutidwa dzina la anthu onse, pamodzi ndi umboni, pa nthawi yomweyo osati ikadzafunsidwa. Umboniwo uonetse kuti dzinalo silinauzidwe munthu wakunja wosalumbira kusunga chinsinsi, kuti palibe lamulo lina lolamula kuliulula, ndiponso kuti likaululika kampani ipwetekadi pampikisano. Mfundo yachinayi ndi imene imagwetsa madandaulo ambiri: ngati katswiri wa kampani ina angagule katunduyo, n'kumuyeza mulabotale, n'kupeza dzinalo mosavuta, ndiye kuti pamenepo palibe chinsinsi. Wobisiridwa amakhala woyandikana ndi fakitale yekha, amene alibe labotale.

Munthu aliyense angapemphe EPA kuti iunike chinsinsi china, ndipo bungwelo lili ndi miyezi 9 yogamula. Pempho la chinsinsi lopanda pake linaikidwa chindapusa cha madola 25,000. Mankhwala akatayika mwangozi, lipoti la gawo 304 silivomereza chinsinsi chilichonse.

Gawo 323 likuoneka kuti linalembedwa ndi anthu amene ankakumbukira Hamidia. Pangozi, dokotala kapena namwino akafuna dzina la kemikolo kuti achize wodwala, kampani iyenera kumuuza pompo. Zikalata zolonjeza kusunga chinsinsi zidzasainidwa pambuyo. Ngati si zadzidzidzi, dokotala amayamba walemba chifukwa chake n'kusaina pangano. Papepala n'zabwino. Koma pakati pausiku, namwino ayenera kudziwa kaye kuti ufuluwo ulipo ndiponso nambala yoti aimbe.

Kwa zaka 30 zotsatira, TSCA inakhala mmene inalili. Lipoti la 2005 la GAO, ofesi younika ntchito za boma la America, linati pafupifupi 95 peresenti ya zikalata zodziwitsa EPA za kemikolo yatsopano zinali ndi mbali yachinsinsi, pamene bungwelo linkatsutsa pafupifupi 14 zokha pachaka. Bungwe la Environmental Working Group linawerengera mu 2009 kuti mayina pafupifupi 17,000 mwa makemikolo oposa 83,000 a pamndandanda anali obisika. Bungweli ndi lolimbikira mbali imodzi, inde, koma manambalawo linawatenga ku EPA komweko.

Mpata wina unatseguka mu 2005, pamene lamulo la zamagetsi ndi mafuta linachotsa ntchito yoswa miyala pansi ndi madzi osakaniza makemikolo, pofuna gasi, m'manja mwa lamulo loteteza madzi akumwa. Nkhani youlula inatsalira maboma a zigawo ndi webusaiti ya FracFocus, pamene makampani amalemba makemikolo amene agwiritsa ntchito, yomwe inatsegulidwa mu 2011. EPA itaunika malipoti a pamenepo a 2011 mpaka kumayambiriro kwa 2013, inapeza kuti oposa 70 peresenti anali ndi kemikolo imodzi kapena zingapo zobisidwa. Ku Pennsylvania, lamulo la 2012 linamanga pakamwa madokotala ouzidwa mayina oterewa, mpaka khoti lalikulu la chigawocho linathetsa gawolo mu 2016.

Kusintha kwa TSCA mu 2016 kunabwereka zambiri ku gawo 322 la EPCRA: umboni uziperekedwa poyamba, EPA iziunika pempho lililonse lobisa dzina la kemikolo pasanathe masiku 90 ndi 25 peresenti ya mapempho ena, ndipo maboma a zigawo, madokotala ndi opulumutsa anthu pangozi aziloledwa kuona. Kemikolo yobisidwa dzina imapatsidwa nambala yakeyake, kuti ofufuza athe kulumikiza malipoti onse okhudza kemikolo imodzimodziyo. Komabe polemba malamulo ang'onoang'ono oyendetsera mndandanda wa makemikolo, EPA inasiya mafunso okhudza kupeza dzina poyeza mulabotale. Bungwe la Environmental Defense Fund linakasuma, ndipo mu 2019 khoti la apilo la ku Washington linagamula kuti kuwasiyako kunalibe maziko, EPA iunikenso nkhaniyo.