Digiri ya za chitetezo: muwerengere ngongole musanasirire yunifolomu

Mwana wa ku Salima amakula akuona asilikali. MAFCO, koleji yosula asilikali a dziko lino, ili pakhomo pomwepa, a Parachute Battalion ali ku Senga Bay, ndipo sukulu ya apolisi ya ku Mtakataka si kutali. N'zosadabwitsa kuti ana ambiri a Fomu 4 amene ndimawalangiza za maphunziro ndi ntchito amalota digiri ya Security Studies ya ku Mzuzu University. Makolo nawo amabwera ndi funso limodzi: mwanayu akatenga ngongole yophunzirira, ntchito yake idzabweza?

Choyamba muchimvetse ndi ichi: digiriyi si kalata yolembedwera ntchito. Ku Malawi Defence Force, kupolisi, kundende ndi ku Immigration amalemba anthu pa nthawi yawo, boma likapeza ndalama. Amayang'ana zaka zakubadwa, amakupima kuchipatala, amakuthamangitsa. Wadigiri wofuna kukhala ofesala ayenera kudutsabe pa maphunziro a ukadeti ngati wina aliyense. Dotolo akapeza vuto la maso kapena la mtima, pepala la ku yunivesite silingamuwombole, pomwe ngongole ija ili chilili.

Ngongoleyi imachokera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Ambiri amaitenga ngati chithandizo cha boma chomwe chimaiwalika. Ayi ndithu. Ukamaliza sukulu amakupatsa zaka ziwiri zopumira, kenako uyenera kuyamba kubweza, ndipo ukalembedwa ntchito abwana ako ali ndi udindo wodula ndalamayo pa malipiro. Fomu ya mgwirizano ija ana amaisayina mothamanga pa tsiku lolembetsa. Ndimapempha makolo kuti aiwerenge limodzi ndi mwanayo mzere ndi mzere, makamaka ponena za chiwongoladzanja ndi chilango cha wochedwa kubweza.

Powerengera, musagwiritse ntchito malipiro a Mejala amene mumamuona pa galimoto yabwino pa Kamuzu Road. Iyeyo wagwira ntchito zaka zambiri, mwinanso adapitako ku Congo kukasungitsa mtendere n'kubwerako ndi alawansi. Tengani ntchito yotsikitsitsa imene mwanayo angaipeze chaka choyamba, mwina kuyang'anira alonda pa kampani ya zachitetezo kapena pa loji ya kunyanja. Pa malipiro amenewo chotsanipo msonkho wa PAYE. Chotsaniponso ya penshoni: pa kampani, wantchito amadulidwa K5,000 pa K100,000 iliyonse ya malipiro ake. Kenako lendi, thumba la chimanga, makala, thiransipoti, ndi kangachepe kotumiza kumudzi, poti wophunzira pabanja sadya yekha. Chotsalacho ndiye chobwezera ngongole. Chikakhala kuti palibe, ndiye kuti mwanayo adzakhala pa mndandanda wa osabweza, ndipo dzina likafika ku mabungwe osunga mbiri ya angongole, banki idzamukaniza ngakhale ngongole yogulira njinga yamoto.

Palinso ngongole ina yomwe silembedwa pa fomu iliyonse. Ndalama ya bungwe lija nthawi zambiri siikwanira malo ogona, chakudya, laputopu ndi ulendo wa Salima mpaka Mzuzu kudzera ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zonsezi zidakwera mtengo. Banja limagulitsa mbuzi, mpunga usanakololedwe n'komwe, kapena mayi amakongola ku banki mkhonde. Ngongole ya mtundu uwu ndi yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ilibe zaka ziwiri zopumira. Mwezi ukatha anthu ali pakhomo.

Kodi ndikunena kuti digiriyi njopanda ntchito? Sichoncho. Imapindulira kwambiri munthu amene ali kale m'yunifolomu. Wapolisi kapena msilikali wopita kusukulu ndi chilolezo cha akuluakulu ake amakhala ndi ntchito yobwererako, ndipo pepalalo limamuthandiza pa nthawi yokwezedwa. Kwa mwana wochokera ku sekondale, ndimalangiza kuti ayese kaye mwayi wolowa usilikali kapena upolisi zaka zikadamulola, digiri ibwere pambuyo.

Amene wasankhidwa kale ku yunivesite ndipo mtima wake uli pomwepo apite, koma asadalire boma lokha. Malo ngati fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, malo opangira magetsi adzuwa a ku Nanjoka, kapena nkhalango ya Nkhotakota yomwe African Parks idayamba kuyendetsa mu 2015, amafuna anthu odziwa kuyendetsa za chitetezo, koma mipando yotere njochepa ndipo imakonda kupita kwa amene adagwirapo kale ntchitoyo. Choncho tchuthi chilichonse apemphe malo ophunzirirapo ntchito, aphunzire kulemba malipoti omveka ndi kugwiritsa ntchito kompyuta, ndipo ngongole atenge ya fizi yokha ngati banja lingathe kumudyetsa popanda kupita kwa a katapira.